Mau a kwa Amayi a ku Dowa ndi ku Ntchisi pa za Kupita ku Chionetsero cha Zoluka

Nkhani ya mwezi uno ndi ya ntchito za manja, makamaka kuluka, ndiponso za ubwino umene munthu apeza akapita ku chionetsero.

Aliyense wokhala ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi adziwa mmene kumazizirira m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Phiri la Ntchisi litalika kuposa mamita 1,600, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwake ana amalawirira ku sukulu nkhungu isanachoke. Mwana wopanda juzi amafika m'kalasi alikunjenjemera, ndipo samva bwino zimene aphunzitsi alikunena. Chifukwa chake mayi wodziwa kuluka ali ndi chuma m'manja mwake, pakuti aveka ana ake, ndipo zotsala agulitsa.

Ntchito imeneyi si yachilendo m'dziko lino. Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza anthu alikulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zao. M'madera ena makolo ankasula nyanda ya makungwa a mitengo, naluka mphasa, mikeka, malichero ndi madengu. Kuluka ndi singano ziwiri kunafika pambuyo pake. Mishoni ya Mvera itakhazikitsidwa m'boma la Dowa mu 1889, ndi ya Kongwe mu 1894, atsikana ndi amayi anayamba kuphunzira kusoka ndi ntchito zina za manja, ndipo luso linafalikira m'midzi kuchokera kwa mayi kunka kwa mwana.

Koma lero luso limeneli lili pa mayeso. Pa msika wa Mponela kapena wa Madisi juzi ya kaunjika imagulidwa ndi ndalama zochepa, ndipo atsikana ambiri afunsa kuti, "Nanga kuvutika ndi singano masiku ambiri n'kwa chiyani?" Funso limeneli si lopusa. Woluka sangapikisane ndi kaunjika pa kutsika mtengo. Angapambane pokha-pokha ngati ntchito yake ili yolimba, yokongola, ndi yomukwana mwini wake bwino lomwe. Zimenezi munthu saziphunzira ali yekha pakhonde. Aziphunzira poona ntchito za anzake. Ndicho chifukwa chake zionetsero zili zofunika.

Zionetsero za zaulimi za m'maboma zimakhala ndi malo a ntchito za manja. Ndiponso m'boma la Dowa lomweli muli Dzaleka, kumene kuyambira mu 1994 kukhala anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Mu 2014 mnyamata wa ku Congo wotchuka ndi dzina la Menes La Plume anayambitsa kumeneko chikondwerero cha Tumaini, ndipo pamodzi ndi nyimbo ndi magule, anthu anayala zoluka, zosoka ndi zosema zao kuti alendo agule. Amayi a ku Rwanda ndi ku Burundi adziwika ndi madengu ozengereza udzu ndi khonje wonika m'mitundu-mitundu, malukidwe osiyana ndi a nsungwi a kuno. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mayi wa ku Ntchisi angaphunzire kwa iwo, ndipo iwonso angaphunzire kwa iye.

Tsono munthu wofuna kukaonetsa ntchito yake akonzeke bwanji?

Choyamba, ayambe msanga. Chinthu cholukidwa mothamanga usiku wa chionetsero chimaoneka, pakuti masitichi ena amathina ndipo ena amatayana. Oweruza ndi ogula omwe amatembenuza juzi nayang'ana mkati mwake. Afuna kuona ngati masitichi ali olingana, ngati manja awiri ali ofanana kutalika, ngati nsonga za ulusi zalowetsedwa bwino, ndiponso ngati khosi lilola mutu wa mwana kupita popanda kung'ambika.

Chachiwiri, agule ulusi wokwanira chinthu chonse pa nthawi imodzi. Pa kapepala kokulunga mpukutu pamalembedwa nambala ya gulu limene ulusiwo unanikidwira. Mipukutu iwiri yofiira ya manambala osiyana imaoneka yofanana m'sitolo, koma pa dzuwa juzi imatuluka ndi mzere pakati.

Chachitatu, adziwe mtundu wa ulusi wake, pakuti si wonse wochedwa wulu umene uchokera ku nkhosa. Wambiri wa m'masitolo ndi acrylic, wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Adule kachidutswa kakang'ono, akagwire ndi kamtengo, nakayandikize ku moto. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lowauka, ndipo moto wake suchedwa kuzima. Thonje limayaka ngati pepala, nilisiya phulusa lofewa. Acrylic amasungunuka, nasanduka kanthu kakuda kolimba. Chimenechi ndi chenjezo kwa amayi onse: mwana wovala juzi ya acrylic asasendere pafupi pootha moto, chifukwa ulusi wosungunuka umamatirira pa khungu. Ubweya wa nkhosa nawo uli ndi lamulo lake: suchapidwa m'madzi otentha, pakuti umafota, ndipo uyanikidwe mougoneka pa mphasa, osaupachika pa chingwe. Woluka amene auza wogula zimenezi adzamuonanso wogulayo chaka chamawa.

Chachinai, awerenge mtengo asanachoke pakhomo. Ambiri amagulitsa motaya chifukwa amakumbuka ulusi wokha. Ngati juzi yatha mipukutu 4 ndi masiku 6, mtengo wake ubweze ndalama za mipukutu 4 ija, uonjezepo malipiro a masiku aja, ndi gawo la ndalama za ulendo. Zonsezi zilembedwe m'kabuku. Ndi nzerunso kutenga tinthu ting'onoting'ono monga zipewa, masokosi ndi nsapato za makanda, pakuti amene alephera kugula juzi sabwerera chimanjamanja.

Chachisanu, amayi apite pagulu. Mutu umodzi susenza denga. Akasonkherana, mmodzi angakagule ulusi wa onse ku Lilongwe, ndipo pa chionetsero angasinthane, wina kudikira katundu pamene anzake ayendera malo a ena. Pakuti cholinga cha ulendo si kugulitsa kokha. Woona malukidwe achilendo afunse mwaulemu, awerenge masitichi, ajambule m'kabuku kake. Safunsa anadya phula.

Abambo nawo asaganize kuti nkhaniyi siiwakhudza. Malichero, madengu ndi mphasa, zimene amuna ambiri aluka, zili ndi malo ake pa chionetsero. Nsungwi yabwino ndi yokhwima, yodulidwa m'chilimwe, chifukwa yanthete siichedwa kufumbwa. Koma akumbuke kuti nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa ndi Boma, ndipo kudulamo kanthu popanda chilolezo ndi mlandu. Mmisiri wanzeru abzala nsungwi zake m'mbali mwa dimba, ndi khonje m'malire a munda, kuti zipangizo zikhale pafupi chaka ndi chaka. Ndiponso bambo wabwino salanda ndalama zimene mkazi wake wapeza ndi singano, koma akambirana naye za ulusi wina ndi zosowa za ana.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu. Phunziro la Expressive Arts lipatsa mpata wa ntchito za manja, ndipo pamene singano za m'sitolo zisowa, za nsungwi zosalazidwa bwino zigwira ntchito. Mphunzitsi angapemphe agogo odziwa kuluka kuti adzaonetse ana, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo sukulu ingachite chionetsero chake potseka teremu. Mafumu athandize pakulengeza tsiku lake m'midzi.

Amene afuna kudziwa za chionetsero cha kufupi ndi kwao afunse kwa alangizi a zaulimi kapena a zachitukuko a m'dera lao. Juzi ya mwezi wa Juni iyambidwe dzinja lisanathe.