Gombeza la zigamba ndi ufulu wa nkhalamba

Awa ndi mawu amene gogo wina wa ku Chileka anayankhula pa msonkhano wa azigogo ku Lirangwe, m'boma la Blantyre.



Chisanu chatha. Mwera waleka kuluma, mango achita maluwa, ndipo mukayang'ana kuphiri la Michiru muona mitengo yotsalayo ikutulutsa masamba ofiira ngakhale mvula ili kutali. Ino ndiyo nyengo imene ife timachapa zofunda, kuziyanika ndi kuona pamene pang'ambika, tisanagwire khasu kukasosa kumunda. N'chifukwa chake ndabwera ndi gombeza ili.

Kuno sitigula nsalu yatsopano kuti tiidule. Timasoka zimene zatha. Umachapa nsanza, n'kudula tizigamba tolingana ndi chikhatho, n'kumalumikiza ndi singano madzulo ntchito ikachepa. M'kati umaikamo bulangete lakale loonekera dzuwa. Pakatha masabata angapo, adzukulu atatu apeza chofunda.

Taonani zigambazi. Ichi ndi chitenje cha mbumba. Dr Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julaye 1958, makolo athu akulira ndi chimwemwe. Patapita zaka, ife ana awo tinkakwezedwa pa malole kukavina pa bwalo lomwelo, mwana wodwala tamusiya kunyumba, chifukwa kukana kunali kuputa mlandu. Pa msika ayufi ankafunsa khadi la chipani usanagule mchere. Ichi chachikasu ndi cha UDF, ichi chabuluu ndi cha Aford. Zinabwera ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead atanyanyala mu Meyi 1992, ife titavotera nyali pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Nsalu zimene eni ake sankapatsana moni lero zagundana m'mphepete, ndipo mwana wogona pansi pake safunsa kuti ndi za chipani chanji.

Inu amene munathawira ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London munavutika, ndipo sitikutsutsa. Munabwerera boma litakhululukira othawa mu 1993, tinakulandirani ndi nthungululu. Koma ndifunseko: pamene inu munali kunja, anzanu ali m'ndende ya Mikuyu, ena ali ku migodi ya ku Joni, ana anatsala ndi yani? Anatsala ndi agogo awo. Mayina a nkhalamba zimenezo sanalembedwe m'nyuzipepala iliyonse, koma apolisi akabwera usiku kudzafunsa za mwana wothawa, ndi iwo ankatsegula chitseko.

Matipate atangobwera, Edzi inali itayamba kale kukolola. Tinaika m'manda ana amene tinkayembekeza kuti adzatiika ife. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, koma m'midzi yambiri anapeza nyumba zitatsala ndi gogo ndi tiana. Sukulu yaulere ya 1994 inatipepuza, tisaname. Komabe yunifolomu, sopo ndi phala la m'mawa zinatsala pa mutu pa munthu amene msana unapindika kale.

Madokotala amati munthu wachikulire aziyenda kuti thupi likhale lolimba. Ife timaseka tikamva zimenezi. Gogo wa ku Chileka kapena kuno ku Lirangwe amayenda kupita ku mjigo, ku chigayo, ku dimba, ku sikelo ndi khanda la mdzukulu wake, mwinanso mpaka ku msika wa Lunzu ndi dengu la tomato. Maulendo amenewa ndiwo sukulu yathu. Poyenda ndi pamene mwana amaphunzira kuti uwu ndi msuku, uwu ndi mlambe, malire a munda wathu ndi chulu icho, ndipo pansi pa mitengo iyo pagona mbumba yathu. Mwana amene sanayende ndi agogo ake, mlandu wa malo ukadzabuka adzangoti kukamwa yasa pamaso pa amfumu.

Tsono pali chinthu chimene chikutilanda maulendo amenewa. Masiku ano nkhalamba ikamayenda yokha m'mamawa imayang'ana kumbuyo. Mwana akadwala malungo, mvula ikachedwa, mnyamata akalephera mayeso, zala zimaloza kwa amene ali ndi imvi. Kutsidya kwa Shire, m'boma la Neno, mu Januwale 2016 nkhalamba zinayi zinaphedwa mphezi itapha mtsikana. Kodi mphezi ili ndi agogo ake? Nthawi zambiri mukafufuza bwino, kuseri kwa mawu oti ufiti kumakhala munda kapena nyumba ya malata imene wina akuifuna.

Malamulo alipo. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ena osauka kwambiri. Koma lamulo lokhala m'kabati ku Lilongwe silingatseke chitseko cha gogo usiku. Tinkaopa apayoniya, tinawachotsa. Sitinavotere nyali kuti pa ukalamba tiziopa adzukulu athu omwe.

Ndiye pempho langa nali. Amfumu, wina akabwera ndi mlandu wa ufiti pa bwalo lanu, musaitane sing'anga. Muuzeni kuti iye ndiye walakwira lamulo, ndipo nkhalambayo muiteteze mpaka apolisi afike. Abusa, nenani zimenezi pa gome, osati pa maliro pokha. Inu a m'tawuni odziwa Chingerezi, timasulireni lamulo la 2024 m'Chichewa, mudzatiwerengere pansi pa mtengo monga mmene kalata ya maepiskopi inawerengedwera m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Ndipo inu obwerera kwathu, amene lero ndinu azigogo ngati ife, musangotumiza ndalama pa foni. Bweretsani adzukulu anu kumudzi nthawi ya holide ino, agone pa mphasa, ayende nafe kudimba, amve kwa ife eni zimene zinachitika kuno inu kulibe.

Akale anati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma, moto umafika m'mudzi. Amene ali ndi nsalu zakale kunyumba asazitaye, abwere nazo Lachinayi, pakuti chisanu cha chaka chamawa chidzapeza ana ena alibe chofunda.