Kuwerenga Anthu Osapezeka Pakhomo

M'nkhani yathu ya lero tiima pa Kacholola, pa mseu waukulu wa Great East Road, pakati pa mlatho wa Luangwa ndi boma la Nyimba, kuti tione bvuto limene limasautsa owerenga anthu.

Kuwerenga okhala m'mudzi nkosabvuta kwenikweni. Wolembera afika kwa nyakwawa, ayenda nyumba ndi nyumba, nalemba onse a pabanjapo. Dziko lathu lacita cotero m'zaka za 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022. Koma nanga msodzi amene ali kumsasa m'mbali mwa Luangwa, woocha makala amene watha milungu itatu m'thengo, kapena woyendetsa lole amene agona pa Kacholola lero, mawa ali ku Chipata? Onsewa akadwala adzapita kucipatala, pamene mankhwala anagawidwa potsata ciwerengero cimene cinawaphonya.

Mapiri ndi kutalika kwa njira si ndizo zokha zobisa anthu. Ena amabisala dala, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Kalembera wa 1963 asanacitike, atsamunda anali kuyerekeza kuculuka kwa anthu akuda potsata mabuku a msonkho, cotero kulembedwa dzina kunali kudziitanira msonkho. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, mu 1987. Ambiri amene analandiridwa ndi abale ao m'midzi ya kumalire sanafune kusamukira kumeneko. Munthu wotere, wolankhula Cinsenga monga mwini mudzi, akadaulula bwanji kwa mlendo wa pepala m'manja kuti anacokera kutsidya?

Akatswiri tsono amawerenga mozungulira. Njira imodzi anaiphunzira kwa owerenga nsomba. Tiyerekeze kuti ofufuza apatsa asodzi 100 kakhadi. Patapita milungu iwiri abwerera nakumana ndi asodzi 80, ndipo mwa iwo 20 ali nako kakhadi kaja. Popeza mmodzi mwa anai alionse ndiye ali ndi kakhadi, ndiye kuti 100 aja anali gawo limodzi la magawo anai, ndipo asodzi onse angakhale 400. Masamu ake ndi okoma, koma munthu si nsomba. Amene anazemba ulendo woyamba adzazembanso waciwiri, ndipo ciwerengero cidzatuluka cocepa.

Njira ina, imene Douglas Heckathorn wa ku America anaifotokoza mu 1997, imadalira anthu eni ake. Ofufuza ayamba ndi anthu owerengeka, nafunsa aliyense mafunso popanda kulemba dzina lace, kenaka nampatsa matikiti, kawirikawiri atatu, oti apatse anzace a nchito yomweyo. Anzacewo abwera okha, nawonso nalandira matikiti, ndipo unyolo upitirira kufikira walowa kumisasa kumene galimoto la boma silinafikeko. Woocha makala amene angathawe mlendo, pomuyesa wa zankhalango, amamvera mnzace wa pang'anjo.

Nayonso njirayi ili ndi cilema cace: munthu wa abwenzi ambiri amapezeka msanga kuposa wokhala yekha. Nciye cifukwa cace ofufuza amafunsa aliyense kuti, "Kodi mudziwa anzanu angati a nchito imeneyi?" Powonkhetsa, yankho la wodziwa anthu asanu amalilemeretsa kuposa la wodziwa anthu makumi asanu.