Ofuna Voti Yanu Afunseni za Maphunziro a Ntchito Zamanja



Kampani ya Vale inayamba kutumiza kunja malasha a ku Moatize mu 2011. Kodi ndi ana angati a m'midzi yathu ino amene anapezako ntchito yowotcherera zitsulo kapena ya magetsi? Ambiri amangowoloka malire kukasaka ganyu, ena mpaka ku Joni.

Lamulo la maphunziro a ntchito zamanja lilipo kuyambira 2014, ndipo bungwe la ANEP ndilo limayang'anira maphunzirowa. Koma mwana wophunzira umakaniko pa bolodi pokha, osagwirako injini, amatuluka ndi pepala chabe. Mwini galaja samulemba ntchito.

Kuyambira 2019 bwanamkubwa wa chigawo timamusankha ndi voti yathu. Choncho ofuna mpando akabwera, musangolandira malaya ndi nsalu. Afunseni: zipangizo za m'sukuluzi adzagula ndani? Mwana wa kumudzi kuno akapita kukaphunzira kutauni, adzagona kuti? Nanga mmisiri amene anaphunzira ukalipentala kwa amalume ake, adzayesedwa kuti kuti alandire satifiketi?

Mverani mayankho a chipani chilichonse. Khadi lanu lovotera lisungeni bwino, musalipereke kwa munthu aliyense.