Msewu ndiwo umadula mtengo wa mbewu zathu: mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa alimi ku Lupaso, Mzuzu



Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Mzinda wa Mzuzu unabadwa ndi ulimi. M'chaka cha 1947 kunatsegulidwa esiteti ya mitengo ya tung, ndipo anthu anayamba kusonkhana mozungulira esitetiyo mpaka malowa anakhala tawuni. Mu 1985 Mzuzu analandira ulemu wokhala mzinda. Ife a kuno ku Lupaso, papepala tili mumzindamo. Koma mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, amene wasenza dengu la tomato amadziwa yekha ngati ali mumzinda kapena kunja kwake.

Ena mwa ife tinagwirapo ntchito ya ulangizi. Tinkauza mlimi kuti abzale m'mizere, athire manyowa, asunge ng'ombe ya mkaka m'khola laukhondo. Mlimi anamvera, zokolola zinachuluka, koma ndalama m'thumba sizinachuluke. Chifukwa chake n'chosabisika. Venda akafika pamunda pako amayamba wachotsera ndalama ya mayendedwe asanatchule mtengo. Msewu ukaipa, wagalimoto amakweza mtengo poopa kuthyola masipuling'i, wakabaza nayenso amakweza, ndipo ogula amene amalimba mtima kubwera amachepa. Ogula akachepa palibenso kunenerera. Wabwera mmodziyo ndiye amadula mtengo. Feteleza naye amafika atakwera, nthawi zina mochedwa. Choncho mlimi amalipira msewu woipa kawiri, pogula ndi pogulitsa. Wa mkaka ndiye amalira kwambiri, pakuti chimanga chimadikira koma mkaka wa m'mawa sudikira dzuwa kuti liumitse matope. Ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, imapitirira anzathu a ku Lilongwe atayamba kale kukolola.

Tisaname kuti palibe chimene chachitika kumpoto kuno. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, umene anthu anaudikira zaka makumi angapo, unamangidwa ndi thandizo la dziko la China boma lathu litasiya ubale ndi Taiwan. Funsani alimi a ku Chitipa mmene ulendo wa nyemba ndi chimanga unafupikira. Msewu wa Mzuzu kupita ku Nkhata Bay nawo unakonzedwa ndi ndalama za African Development Bank. Mu 2022 boma linakhazikitsa ntchito yokonzanso M1, kuphatikizapo chigawo cha Kacheche mpaka Chiweta. Zimenezi tiyamike.

Koma taonani msewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Nyika mpaka Chitipa. Maboma akhala akusinthana, aliyense naulonjeza pa nthawi ya kampeni. Alimi a ku Bolero ndi ku Hewe amalima fodya amene amabwera ku okushoni kuno ku Mzuzu, fodya wobweretsa ndalama zakunja zimene dziko limagulira mafuta ndi mankhwala. Amene amalima khofi ku Misuku ndi ku Phoka amatulutsa khofi wotchuka mpaka kutsidya kwa nyanja. Kodi n'chilungamo kuti mbewu zawo zizilemekezedwa koma njira yopita kwawo iiwalike? Ndipo ngakhale tala atafika, mlimi salima m'mbali mwa tala. Makilomita ochepa a pakati pa munda ndi msewu waukulu ndiwo amadya phindu, ndipo amenewo sadulirapo riboni, n'chifukwa chake andale sawakonda.

Wina asatiuze kuti tikupempha zaulere. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali ndalama ya misewu. Kuyambira 2006 malamulo anapatsa Roads Fund Administration ntchito yosunga thumba limeneli, ndipo Roads Authority ndi makhonsolo ndiwo amakonza misewu. Tikakwera minibasi, tikakwera njinga yamoto, tikalipira galimoto yonyamula matumba, taponyamo kale yathu. Palinso thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene linayamba chaka chomwecho cha 2006 ndipo mu 2024 linafika pa K200 miliyoni dera lililonse la phungu.

Zimene tikufuna n'zotheka. Giredala izibwera mvula isanayambe, osati mu Febuluwale kudzatembenuza matope. Msewu wadothi umaphedwa ndi madzi, ndiye ndalama ziyambire pa ngalande ndi makalavati. Ntchito yotsegula ngalande ipatsidwe kwa anthu a m'dera momwemo, alipidwe m'nthawi yake. Ndipo khonsolo ikamakonza bajeti, alimi tikhalepo pamene akusankha misewu yoyamba kukonzedwa.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tileke kulima mpaka m'ngalande ndi kutsekera madzi kuti asadutse m'munda mwathu, chifukwa madziwo amabwerera mumsewu. Ndiponso tisamapite kwa akuluakulu ndi madandaulo okhaokha. Kuyambira mwezi uno mlembi wa kalabu iliyonse alembe m'kope tsiku limene galimoto yalephera kufika, malita a mkaka amene asasa, madengu a tomato amene aola, ndi ndalama imene talipira pa thumba lililonse kukafika kumsika waukulu. Makope amenewa tidzawasonkhanitsa pa msonkhano wotsatira, ndipo nthumwi zathu zidzapita nawo kwa khansala ndi kwa phungu bajeti ya khonsolo isanakambidwe.