Chala cha Agogo pa Pepala la Ngongole: Mawu kwa Akhristu a ku Chambe



Ife a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, poyendera miphakati ya kuno kunsi kwa phiri la Chambe, tamva dandaulo limodzi mobwerezabwereza: makolo athu okalamba akudinda chala pa mapepala omwe sanawawerenge, ndipo pakutha pa zaka ziwiri kapena zitatu amapezeka kuti munda, njinga ngakhale malata a nyumba sizilinso zawo. Nkhaniyi ikukhudza kayendetsedwe ka dziko, pakuti ulamuliro wabwino umaoneka pa m'mene malamulo akutetezera anthu ofooka.

Chiyambi cha mavutowa tonse tikuchidziwa. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba muno m'boma la Mulanje ndi ku Phalombe. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza ndi chimanga n'kukwera mtengo. Gogo amene akulera adzukulu amasiye alibe kolowera koma kwa wobwereketsa ndalama. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Munthu akatenga K50,000 ya katapila pa pangano loti pakutha pa mwezi abweze K75,000, ndipo chiwongoladzanja chizibereka chinzake akalephera, mwezi wachitatu ngongole ija yafika pa K168,750. Wachinyamata angathe kuthawira ku maganyu ku Limbe kapena ku Joni. Wa zaka 75 athawira kuti? Chotsala n'kupinyolitsa munda wa tiyi kapena wa nanazi kwa zaka zisanu, mwina khumi, zomwe iye mwini sadziwa ngati adzaziona.

Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti nthawi zambiri wogwira dzanja la gogo kulitsogolera pa inki si mlendo ayi. Ndi mwana wake kapena mdzukulu, amene akufuna sola kapena foni yolipira pang'onopang'ono, ndipo walembetsa dzina la agogo ake ngati mboni, osawauza kuti mboni yotere ndiyo idzalipire iye akalephera. Ndipo tikudziwa kuti nkhalamba ikakana kusaina, ena sachedwa kuyamba kunong'ona za ufiti. Tikumbutsane kuti lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Malembo Oyera sanakhale chete pa zimenezi. Buku la Eksodo, mutu 22, limalamula kuti chofunda cha mmphawi chotengedwa ngati chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe. Pa mutu 5 wa buku la Nehemiya timaona anthu atapinyolitsa minda yawo kuti apeze chakudya nthawi ya njala, ndipo Nehemiya, yemwe anali bwanamkubwa, sanati imeneyi ndi nkhani ya anthu awiri ogwirizana okha. Anaitanitsa msonkhano, nalamula akuluakulu kuti abweze mindayo.

Nanga malamulo a dziko lathu akuti chiyani? Ndondomeko ya boma ya 2016 imati wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba ku nkhanza ndi tsankho. Malamulo a 2010 oyendetsera mabungwe a zachuma amafuna kuti wochita malonda obwereketsa ndalama akhale ndi chiphaso chochokera ku Banki Yaikulu ya dziko lino, komwenso munthu angathe kukasiyako madandaulo ake. Palinso lamulo lakale lokhudza kubweza ngongole, lopatsa bwalo la milandu mphamvu younikanso pangano ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyeso. Ndipo pangano lomwe munthu analowamo pochita kuopsezedwa, kunamizidwa, kapena kunyengereredwa ndi wina amene amamudalira, bwalo lingathe kulithetsa. Chala chodindidwa pa pepala sichitseka khomo la chilungamo. Amene alibe ndalama zolipirira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

Komabe tinene zoona: lamulo lolembedwa m'Chingerezi ndi kusungidwa ku Lilongwe silithandiza gogo wa ku Likhubula amene sanalimvepo. Ulendo wa ku Boma, masiku odikira mlandu, mantha poima pamaso pa woweruza, zonsezi zimachititsa ambiri kungoti Mulungu ndiye adziwa. Uku si kupirira kwa Chikhristu. Ndi kugonja kumene kumalimbikitsa wakuba.

N'chifukwa chake tikupempha aphungu athu ndi boma kuti pangano lililonse lomanga wokalamba kwa nthawi yopitirira chaka lizilembedwa m'chilankhulo chimene iye amamva, liziwerengedwa mokweza pamaso pa mboni yosapindula nalo kanthu, ndiponso kuti azipatsidwa masiku angapo oti asinthe maganizo popanda chilango. Mafumu athu, amene tikuwalemekeza, asamadinde chidindo chawo pa kupinyolitsa munda eni mbumba asanamve, pakuti kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba, ndipo wotaya si gogo yekha.

Ife eni ake tisadikire Nyumba ya Malamulo. Papa Francis anakhazikitsa mu 2021 tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julaye, koma mphatso ya sopo ndi shuga tsiku limodzi pa chaka siyokwanira. Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri odziwa kuwerenga, okhulupirika ndi osunga chinsinsi, oti wokalamba aliyense aziwaitana asanasaine kalikonse. Iwo azifunsa ndalama zonse zodzabwezedwa pamodzi, chikole chake, ndi chimene chidzachitike wobwerekayo akadwala kapena kumwalira. Azionetsetsa kuti gogo watsala ndi kope lakelake la pangano, ndipo chiphaso chake cha unzika, khadi la ku banki kapena la Mtukula Pakhomo zisatsale m'manja mwa wobwereketsa. Amene anasaina kale ndipo akusowa tulo, asachite manyazi: abwere ndi mapepala awo kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ikatha Misa, tikhale pansi tiwawerenge pamodzi.