ZOTUPA ZA PANSI PA UBONGO



Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, kuli kanthu konga nyemba, kokhala m'kambiya ka pfupa. Dzina lace ndi pituitary, ndipo ndiko kalamulira kukula kwa thupi, mkaka wa m'mawere ndi kubala. Pamwamba pace mpamene ipingasana mitsempha ya maso. Cifukwa cace cotupa cikamera pamenepo, munthu aona bwino za patsogolo koma za m'mbali zimzimirira. Njinga imdzera pambali iye osaiona.

Tsono zotupa za pamalowa siziri za mtundu umodzi. Cocuruka mwa akulu ndico cimera m'pituitary momwemo, ndipo kawiri-kawiri si kansa ai. Cina ca mtundu uwu cileketsa mkazi kusamba, mkaka nkumatuluka alibe pathupi, ndipo pamudzi ayamba kunong'ona kuti walodzedwa. Komatu cimeneci cifota ndi mapiritsi, monga bromocriptine, popanda mpeni. Cina cikulitsa manja, mapazi ndi cibwano, kufikira jombo zakale zikana kulowa.

Nanga dokotala azisiyanitsa bwanji? X-ray wamba aonetsa pfupa lokha. Makina a CT, amene anajambula wodwala woyamba ku London m'1971, aonetsa timiyala toyera m'kati mwa cotupa camadzi cimene cikonda kugwira ana. MRI, yogwira nchito ndi maginito, ionetsa ngati cotupa cacokera pa nembanemba yokuta ubongo, pakuti pamenepo pituitary aoneka payekha, wapanikizidwa pansi. Cifuwa ca TB naconso nthawi zina ciumba cotupa pompo, ndipo cifuna mankhwala a TB. Coopsa koposa ndiwo mtsempha wa mwazi wofufuma ngati cubu ca njinga. Pa cithunzi unamizira cotupa, koma mpeni ukaukhudza munthu angafe pomwepo.

Ambiri a inu kwanu ndi ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi. Mukamva kuti mbale wanu ali ndi zizindikilo zotere pamodzi ndi mutu wosaleka, apite ku cipatala ca St Francis ku Katete, cimene Dr Francis Trefusis anayambitsa m'1948. Akamlembera kalata yopita ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 500, tumizani ndalama ya basi msanga, pakuti mtsempha wa diso ukapsinjika nthawi yaitali suciranso.