MAYESO NAWONSO AMAYESEDWA

Mafumu ndi alimi nonse a m'boma la Karonga,

Ambiri a inu mumagulitsa mpunga kapena ng'ombe kuti mwana aphunzire ku Bunda kapena ku Mzuzu University. Cotero nkoyenera kuti mudziwe m'mene mayeso ace amakonzedwera.

Mukudziwa kuti sikelo yonama iba thukuta la mlimi, ndipo ncifukwa cace a Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo a ogula mbeu. Mayeso ndiwo sikelo ya maphunziro. Nawonso ayenera kuyesedwa asanayese mwana.

Nchitoyi iyenda motere. Mphunzitsi alemba mafunso pamodzi ndi mayankho ace. Kenaka anzace akhala pansi nafunsa: Kodi zimenezi anaphunzitsadi? Kodi mau ace akumveka, kapena ali ndi matanthauzo awiri? Kodi nthawi ikwana? Kodi malikisi alingana ndi kulemera kwa funso? Funso lopotoka aliongola kapena alitaya. Kawirikawiri aitananso katswiri wa ku yunivesite yina, amene sadziwa ophunzirawo, kuti aone mafunso ndi kacongedwe kace. Zikatha izi mapepala asungidwa mobisika kufikira tsiku lolemba.

Taonani citsanzo. Funso lakuti, "Chulani mpunga wochuka wa ku Karonga," ndi lopepuka, pakuti ngakhale mwana woweta ng'ombe adziwa Kilombero. Koma lakuti, "Masamba a mpunga ku sikimu ya Hara acita cikasu, mudzayang'ana ciani musanalangize mlimi?" liyesa nzeru zeni-zeni. Wopambana ndi mafunso opepuka okha-okha akadzakhala mlangizi, amene adzalira ndinu eni minda.

Pali zinthu ziwiri zimene inu mungacite. Coyamba, musanagulitse ng'ombe, funsani ngati kolejiyo ndi yobvomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Caciwiri, musapatse mwana ndalama zogulira mayeso obedwa. Kumbukirani caka ca 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa cifukwa mapepala ena anabedwa. Ana onse, ngakhale osalakwa, analembanso mu Januwale 2021, ndipo makolo anasenza mtolo kawiri.

Mafumu, nenani mau awa pa misonkhano ya m'midzi mwanu, makamaka nyengo yokolola pamene ndalama ziri m'manja.

Tsalani bwino.